Ngolo ya Mbaula ya Lombe

Ba Chishimba anali mphunzitsi wa Dizaini ndi Tekinoloje pasekondale ina ya ku Mpatamatu, m'tauni ya Luanshya. Makolo analibe nalo ntchito dzina lalitalilo, ankangoti "aphunzitsi a matabwa." Eni ake dzina limenelo linkawanyansa. Ankati matabwa ndi a akalipentala a kumsika, iwo amaphunzitsa ana kuganiza.

Kuganiza kwakeko kunali kotere. Mwana aliyense wa giredi 12, kalasi yomaliza, amayenera kupeza vuto lenileni kwawo, kulijambula, kulemba mufayilo njira zolithetsera, kenako kupanga chinthucho ndi manja ake, kuti woyesa wochokera ku Ndola adzachione n'kupereka malikisi. Ndiye ba Chishimba, munthu wa kuganiza uja, anali ndi mapulani atatu m'dilowa amene ankawatulutsa chaka ndi chaka: kampando, shelefu ya nsapato ndi kabokosi ka makalata. Mwana ankasankha chimodzi, kenako n'kupeka vuto loti ligwirizane nacho. Ana a m'nyumba zimene nsapato zake ungaziwerenge ndi dzanja limodzi ankalemba kuti kwawo nsapato zasowa pokhala. Bodza lokhalokha, lopaka vanishi pamwamba.

Chaka chimenecho m'kalasi mwawo munali mtsikana mmodzi yekha, dzina lake Lombe. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulaimale, ndipo abale a malemuwo anabwera ndi lole maliro asanazizire n'komwe. Ananyamula mipando, wailesi, mapoto, mpaka makatani. Chimene anasiya ndi bedi lachitsulo lothyoka mwendo, poti linali lolemera ndipo linalibe ntchito. Kuyambira pamenepo mayi ake, amene aliyense ankawaitana kuti bana Lombe, kutanthauza amake a Lombe, ankawotcha chinangwa ndi mtedza pasiteshoni ya maminibasi. M'mawa mabasi amaima mbali ino ya msewu, masana mbali inayo, ndiye mayiwo ankanyamula mbaula ili ndi moto, atakulunga zisanza m'manja, kuwoloka nayo. Mikono yawo inali mawangamawanga ndi zipsera.

Tsiku limene ba Chishimba anatulutsa mapulani awo atatu, Lombe anakweza dzanja.

"Ba Ticha, ine vuto la kwathu ndili nalo kale. Amayi akupsa."

"Sankha kampando, mwana iwe, n'kosavuta."

"Mukwai, mwatiuza nokha kuti likhale vuto lenileni," anatero Lombe, akutsogoza mawu aulemu a kumeneko oitanira wamkulu.

Anyamata anaseka. Ba Chishimba anangogwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Mumtima ankati atopa yekha, adzabwerera ku kampando.

Sanatope. Anaganiza zopangira mayi ake ngolo yonyamulira mbaula. Anadula bedi lija ndi sowo ya zitsulo mpaka zikhatho zinatuluka matuza. Anatola tayala la wilibala yakufa kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Magetsi akabwera ankathamangira ku wekishopu kukawotcherera, akazima ankakhala pansi n'kumajambula. Ngolo yoyamba inagwa chammbali atangoikapo mbaula. Yachiwiri inaima bwino koma zogwirira zinkatentha. Yachitatu anaika zogwirira zamtengo, lata lotchinga mphepo, kadilowa kolandira phulusa pansi, ndi mphete yokhazikapo beseni la mtedza. Zonsezo, kugwa ndi kupsa komwe, anazilemba mufayilo yake, imene masamba ake anadetsedwa ndi zala za girizi. Chinthucho sichinali chokongola ayi. Chinali chakuda, chowotcherera mwa zigambazigamba, ndipo tayala lake linkalira ngati mwanambuzi. Ba Chishimba sanachikankhepo ngakhale kamodzi. Ankangochilambalala.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti woyesa abwere, ahedi analowa m'wekishopu kudzayendera. Anaona timipando tonyezimira titandandalikidwa, mashelefu, timabokosi, anagwedeza mutu mokondwa. Atafika pakona anaima.

"Ba Chishimba, ichi n'chiyani? A ku Ndola akanene kuti pasukulu pano timaphunzitsa ana kutola zinyalala?"

Apa mpamene munthu wamkulu akanati, "Imeneyi ndi ntchito ya mwana, ndipo waigwira yekha." Ba Chishimba sanatero. Anaseka. Anaseka kuposa ahediwo, mpaka kugwira pamimba, nkhope ikuwatentha ngati zinyalalazo avala iwo.

Lamlungu masana ananyamula katebulo ka pabalaza pawo, ka miyendo yozungulira yosemedwa bwino, kamene anagula kalekale ku Kitwe. Akazi awo anafunsa kumene kakupita, iwo anati kakukakhoza mayeso, kabwera Lachisanu. Lolemba anaitana Lombe m'wekishopu n'kutseka chitseko.

"Iyi ndiye ntchito yako tsopano. Fayilo yake nayi, ukopere ndi dzanja lako. Chitsulo chakocho chichoke lero."

Lombe anayang'ana katebuloko, anayang'ana aphunzitsi ake.

"Ba Ticha, kwathu kulibe pabalaza. Ndilemba kuti vuto linali chiyani?"

"Ulemba zimene zili mmenemo. Ukufuna kukhoza, kapena ukufuna kudzakalamba ukuwotcha chinangwa ngati amako?"

Mawu amenewo anatuluka mosavuta, ngati malovu. Mtsikanayo sanalire. Anatenga fayilo ija, anagwira ngolo yake, n'kutuluka nayo pageti, tayala likulira njira yonse. Ba Chishimba anamva kulirako mpaka kunazimirira, kenako anapukuta katebulo kawo ndi mpango n'kudziuza kuti amuthandiza mwana wamasiye. Anthu a mataye akafuna kukupondereza amatero, amati akukuthandiza.

Lachinayi m'mawa woyesa anafika. Anali mayi wamfupi, wa imvi za m'mbali, dzina lake ba Nkonde. Anakana tiyi wa ahedi, anavala ovolo pamwamba pa diresi n'kulowa m'wekishopu. Mayi ameneyu analibe nazo ntchito zonyezimira. Chinthu chilichonse ankachitembenuza miyendo m'mwamba, kuyendetsa chala molumikizira, kenako kufunsa mwiniwake funso limodzi kapena awiri. Timipando tija anationa mosasangalala, poti tinali tofanana ngati mazira, koma misomali yokhota ndi guluu wotayikira zinkachitira umboni kuti anawo anakhomadi okha. Anachonga, anapitirira.

Atafika pa katebulo anaima, n'kuyendetsa chala pa miyendo yake.

"Lombe ndiwe? Miyendo iyi unaisema bwanji, mwana wanga?"

Lombe anayang'ana pansi.

"Pa makina osemera aja," anatero ba Chishimba mofulumira, akuloza pakona pamene panali chinthu chovundikiridwa ndi lona.

"Ndafunsa mwana, ba Chishimba."

Ba Nkonde anapita pakonapo n'kukweza lonalo. Fumbi linabuka. Makinawo analibe lamba, ndipo pamene pamayenera kugwira thabwa panali chisa cha mavu chachikulu ngati chibakera. Mavu awiri anatuluka n'kuyamba kuzungulira. Anyamata anabisa nkhope m'malaya.

"Amisiri ake ndi awa?" anafunsa ba Nkonde. Panalibe amene anaseka. Anabwerera pa katebulo, anakapendeketsa chakuwindo. "Ndipo pamwamba apa pali mabala a makapu a tiyi, akale ndithu. Wamaliza liti kupanga, mwana wanga?"



Mayiwo anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lina, losiyana ndi la malikisi. Aliyense m'chipindamo ankalidziwa. Dzina la mwana likalembedwa pamenepo, ndiye kuti wabera mayeso. Sikuti amangoluza phunziro limodzi ayi, zotsatira zake zonse amazigwira, masamu, Chingerezi, zonse. Zaka zonse za chinangwa cha bana Lombe zinali pansonga ya cholembera chimenecho.

"Ndikufunsa komaliza. Anakupangira ndani?"

Ba Chishimba anadikira kuti mtsikanayo awaloze. Akanawaloza, mwina akanakana, akanati mwanayu ndi wabodza, ndipo ahedi akanawavomereza. Koma Lombe anangoluma mlomo, manja kumbuyo, misozi ikugwera pa nsapato. Mwana woleredwa bwino saloza wamkulu chala, ngakhale wamkuluyo akumukankhira m'dzenje. Ahedi, amene anaima pakhomo, anawayang'ana ba Chishimba ndi diso loti khalani chete, zipita. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala. Cholembera chinalemba L, chinalemba O.

"Katebuloko ndi ka kunyumba kwanga."

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa ba Chishimba aang'ono, ngati a mwana amene wakodza pamphasa.

"Mwati bwanji?"

"Ndi ka pabalaza panga, mukwai. Ndinamukakamiza ndine. Iye anapanga china."

"Chinacho chinalakwa chiyani?"

"Chinali... sichinkaoneka bwino."

Ba Nkonde anawayang'ana kuyambira kutaye mpaka kunsapato. Kenako anafunsa Lombe ngati fayilo ya chinthu chakecho ilipo. Mtsikanayo anaitulutsa m'chikwama cha mabuku, yakuda ndi girizi. Sanaisiye kunyumba tsiku ndi limodzi lomwe.

"Chabwino," anatero ba Nkonde. "Fayilo yokha sindichonga. Galimoto yanga inyamuka thu koloko kupita kusukulu ina. Chinthucho chikafika ndisanapite, ndipo mwanayu akandionetsa kuti ndi chake, pepala ili silimukhudza. Chikapanda kufika, ndilemba zimene ndapeza. Mwanayu atsala pano, ndikufuna andifotokozere zojambulazi. Mukachitenge inuyo."

Kuchokera pasukulu kukafika pasiteshoni si patali, koma ba Chishimba anafika malaya atamatirira pamsana. Ngolo ija anaiona ali chapatali. Inaima pansi pa chikwangwani, utsi ukufuka, chinangwa chitayalidwa pa waya, anthu atatu akudikira. Kumbuyo kwake kunali bana Lombe, chitenje m'chiuno, mpeni m'manja.

"Mwaswera bwanji, bana Lombe?"

Mayiwo sanadzutse mutu. Anatembenuza chinangwa, anapatsa kasitomala, anathira mtedza m'kapepala.

"Bana Lombe, ndine mphunzitsi wa..."

"Ndikukudziwani. Azimayi! Bana Mwape! Bwerani mudzaone aphunzitsi a kuganiza, atsika kumwamba kudzationa ife owotcha chinangwa!"

Amayi ogulitsa tomato ndi chikanda, chakudya chophika ndi timizu ndi mtedza, anatembenuka. Makondakitala awiri anasiya kuitanira anthu.

"Mayi, chonde, ndikufuna ngoloyi. Woyesa akuifuna kusukulu tsopano lino."

"Ngolo iti? Zinyalalazi? Mwana wanga anabwera nazo Lolemba, anakhala kuseri kwa nyumba osadya. Ndinachita kumukoka mawu ngati minga. Nenani pano zimene munamuuza."

"Mayi, nthawi..."

"Nthawi ndi yanu, ine ndilibe wotchi. Nenani. Munati akapanda kumvera adzakalamba akutani?"

Ba Chishimba anayang'ana uku ndi uku. Anthu anali atachuluka. Pakati pawo panali mnyamata wa ndevu amene anamuphunzitsa zaka zapitazo, tsopano dalaivala, atatsamira chitseko cha basi.

"Ndinati adzakalamba akuwotcha chinangwa."

"Ngati ndani?"

"Ngati amake."

"Eyaa!" Bana Lombe anakweza mikono yonse iwiri, zipsera zili poyera. "Onani, anthu inu! Yunifolomu imene amavala m'kalasi mwawo inachokera apa. Mabuku anachokera apa. Mwamuna wanga atafa, abale ake a mataye ngati awa ananyamula ndi supuni zomwe. Palibe mmodzi anafunsa kuti mayi iwe, manjawo akupweteka? Anafunsa ndi mwana. Mwana yekha ndiye anaona, n'kundipangira ichi. Masiku atatu tsopano sindinapse. Ndiye inu, bambo wophunzira, mukuti n'chonyansa. Chonyansa ndi ichi, kapena ndi pakamwa panupo?"

"Auzeni, bana Lombe!" anakuwa mayi wa chikanda.

 Ba Chishimba anafotokoza mwachidule za katebulo, za mavu, za pepala lija ndi zilembo ziwiri zimene zalembedwa kale. Atatchula kuti zotsatira zonse za Lombe zikhoza kugwidwa, mpeni unagwa m'manja mwa mayiwo. Nkhope inasintha, inachita phulusa. Ba Chishimba anaona kuti mawu atha. Anagwada pafumbi pomwepo, pakati pa makoko a mtedza, thalauza la suti ndi lonse, n'kuomba m'manja katatu monga amachitira munthu wopalamula kwa akulu.

 Kenako wina kumbuyo anaimba mluzu.

"Dzukani, mukundithamangitsira makasitomala," anatero bana Lombe. "Musaganize kuti ndakukhululukirani. Ndikuchitira mwana wanga. Gwirani apo."

"Tiphule kaye mbaulayi?"

"Muphule chifukwa chiyani? Woyesayo akufuna kuona chitsulo chozizira? Kankhani ndi moto wake womwewo. Ine ndili pambuyo panu, ndipo mukagwetsa chinangwa changa mutola ndi mano."

Ananyamuka. Patsogolo mphunzitsi wa taye, maondo oyera ndi fumbi, akukankha mbaula yofuka. Pambuyo mayi wamasiye, akupukusa manja. Tayala linkalira kuti aliyense atuluke adzaone.

"Ba Ticha! Zinangwa ziwiri, zofewa!" anakuwa kondakitala.

"Ba Ticha, mwakwezedwa pantchito?"

"Asiyeni, akuphunzira kuganiza!"

Bana Lombe sanalole kuti ulendo upite pachabe. Pa mphambano anaimitsa ngolo n'kugulitsa chinangwa kwa bambo wina wa njinga, ba Chishimba ataima chogwira zogwirira, maso pansi. 

Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali kukuwa kwa makondakitala ayi. Chinali chimene manja awo ankawauza. Zogwirira zinali zozizira, pamene makala ali psuu pafupi pomwepo. Atafika pa ngalande ya pafupi ndi tchalitchi anakonzeka kuti mbaula iterereka, koma inakhala phee m'malo mwake, chifukwa mtsikanayo anaiika pansi, pafupi ndi tayala, kuti kulemera kusakhale m'mwamba. Mphepo itawomba, phulusa silinawalowe m'maso. Zaka khumi ndi zisanu akuphunzitsa phunziro limeneli, ichi chinali chinthu choyamba chotuluka m'wekishopu mwawo chimene munthu ankachifunadi. Ndipo iwo anachithamangitsa ngati galu wa chiwewe.

Analowa pageti kutatsala pang'ono kuti ikwane thu koloko. Ana anali m'mawindo monse, mitu yokhayokha. Ahedi ataona utsi ukubwera analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ba Nkonde anatuluka panja ndi Lombe, fayilo yakuda ija ili m'manja.

Sanafunse ba Chishimba kanthu. Anangowakankhira pambali ndi chigongono, n'kugwada kuyang'ana pansi pa ngoloyo. Anakoka kadilowa ka phulusa, anakabwezera. Anagwira zogwirira, anakankha mpaka pa mtengo wa mango, anabwerera.

"Chitsulo ichi chinali chiyani?"

"Bedi la atate, mukwai."

"Chifukwa chiyani tayala limodzi, osati awiri?"

"Pasiteshoni njira ndi yopapatiza, pakati pa mabenchi. Awiri sakanadutsa. Ndinayeza ndi chingwe, zili patsamba lachisanu ndi chiwiri."

"Apa unawotcherera moipa."

"Eya, magetsi anazima ndili pakati. Ndinabwereza mawa lake, koma chipsera chinatsala."

"Nanga kuliraku?"

"Tayala linapindika pang'ono mkati. Ndinayesa girizi, sizinathandize. Ndinalemba kumapeto kuti ndikadzapeza lina ndidzasintha."

Mtsikana amene m'mawa uja anasowa mawu tsopano ankayankha funso lisanathe. Ba Chishimba anaima padzuwa n'kumamvetsera. Zonse zimene ankanenazo zinali mufayilo imene iwo sanaitsegulepo.

Ba Nkonde anakhala pa sitepe, anatenga pepala la malikisi n'kulemba kwa kanthawi, atabisa ndi dzanja. Kenako anatulutsa pepala lina lija. Anakhwatcha zilembo ziwiri zija, anasaina pambali pake.

"Dzina la mwana lachoka," anatero. "Koma pepalali silibwerera lopanda kanthu. Pakhala dzina lanu, ba Chishimba, ndi zimene mwanena pamaso pa ana. Mulembenso kalata yanu yofotokoza, ndinyamule lero. Zotsatira zake mudzazimva kuchokera ku Ndola. Mwina wekishopu ino simudzaionanso."

"Ndamva, mukwai."

Bana Lombe sanamvetse zonse za mapepalazo. Anakoka mwana wawo pamkono.

"Iwe, wakhoza kapena ayi?"

"Malikisi sanena, amayi. Koma zotsatira zanga zituluka."

"Zonse?"

"Zonse."

Mayiwo anapuma mpweya wautali, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anasankha chinangwa chofewa kwambiri pa waya, anachikulunga m'pepala ndi mtedza pang'ono n'kupatsa ba Nkonde ndi manja awiri. Ba Chishimba anasendera kuti agwire zogwirira, abweze ngoloyo kusiteshoni.

"Chotsani manja," anatero bana Lombe. "Mwaigwira mokwanira. Pitani mukalembe zanuzo, ndipo mulembe zoona. Mwana wanga amadziwa kuwerenga, ndidzamufunsa."

Ba Chishimba analowa m'wekishopu, anakhala pa benchi ya ana, anatenga pepala. Poyamba analemba kuti panachitika kusamvetsetsana. Anayang'ana mawuwo, anang'amba pepalalo. Panja dalaivala wa ba Nkonde analiza hutala. Anatenga pepala lina n'kuyamba ndi dzina lawo lonse, kenako analemba kuti mwana Lombe anapanga ntchito yake yekha ndi manja ake, ndipo ine mphunzitsi wake ndinaichita manyazi, ndinaichotsa, ndinamuuza kuti aname.